Mayi, musathire viniga pa marasipiberi anuwo

Imelo yanu, mayi, ndinaiwerenga usiku, ndipo nditaimaliza ndinangokhala duu pampando kwa kanthawi. Mwalemba kuti muli ndi marasipiberi, mbewu zobereka tizipatso tofiira, asanu ndi mmodzi kuseri kwa nyumba, masamba ake akusanduka achikasu, kachipangizo kanu koyezera pH, muyezo wa asidi m'dothi, kakulozera pa 7.4, ndipo mnzanu wina wakuuzani kuti muzithirira ndi madzi a viniga sabata iliyonse mpaka pH itsike. Mukufunsa kuti viniga wakeyo akhale wochuluka bwanji. Musathire ngakhale dontho. Koma sindingakusiyeni ndi mawu atatu okhawo, chifukwa njira imene mukufuna kulowayi ine ndinaiyenda mpaka pothera pake, ndipo kumeneko ndinakapeza bedi la timitengo touma. Mwachita bwino kufunsa musanayambe. Ine sindinafunse aliyense.

Marasipiberi anga oyamba anandipatsa ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Anali ndi mzere wautali m'mbali mwa mpanda, ndipo tili ana tinkathyola zipatsozo mpaka zala kufiira. Nditalowa m'nyumba yangayanga anandiitana, nakumba okha mphukira zisanu ndi zitatu ndi kakhasu kawo kakang'ono. Nthawi imeneyo n'kuti mpweya ukuwavuta kale, moti ankapumira pa mphukira iliyonse, koma anakana kuti ndiwalandire khasu. Anazikulunga m'chiguduli chonyowa, namanga ndi chingwe, n'kundiuza kuti ndikazidzale tsiku lomwelo mizu isanaume. Mpaka lero ndimakumbukira kuzizira kwa chiguduli chija pamiyendo panga ulendo wonse wobwerera.

Ndinasankha malo amene ndinkaona kuti ndi abwino koposa onse, m'mphepete mwa khoma la nyumba, pofika dzuwa la m'mawa, posaomba mphepo. Pokumba maenje ndinkakumana ndi timiyala toyera, tina tofumbutuka m'manja, ndipo ndinkangotiponya pambali. Sindinadziwe kuti pamenepo ndi pamene omanga nyumba ankakandirapo simenti, ndi kuti zinyalala zawo anazikwirira pomwepo n'kuwaza dothi labwino pamwamba. Kuwonjezera apo ndinkathira phulusa m'munsi mwa mbewu iliyonse, chifukwa ndinali nditamva kuti phulusa ndi chakudya cha mbewu. Ndinkalithira ndi mtima wonse, ngati munthu amene akudyetsa mwana.

Chaka choyamba zonse zinayenda bwino, poti mizu inali ikadali m'dothi labwino lija la pamwamba. Chaka chachiwiri, azakhali atangotisiya kumene, mphukira zatsopano zinatuluka ndi masamba amene ndinali ndisanawaonepo. Tsamba lonse linali lachikasu motuwa, koma mitsempha yake yobiriwira bwinobwino, moti ukaliyang'ana padzuwa linkaoneka ngati ukonde wobiriwira woyalidwa pansalu yachikasu. Masamba akale a m'munsi anali athanzi ndithu. A kunsonga okha ndi amene ankadwala, ndipo ena anayera mpaka m'mbali mwake n'kuyamba kupsa. Chizindikiro chimenechi chimanena poyera chimene chavuta, koma ine sindinkadziwa kuchimasulira. Chimene ndinkaona n'chakuti chinthu chomaliza chimene azakhali anandipatsa ndi manja awo chikufera m'manja mwanga.

Munthu ukachita mantha umathira chilichonse. Ndinayamba ndi feteleza, poganiza kuti ndi njala. Sizinasinthe. Ndinawonjezera madzi, m'mawa ndi madzulo, mpaka pabedipo panachita matope. Kenako wina ananditchulira za pH, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ndinamva kuti n'chowawasa chinapita pabedi lija. Ndinkapempha anzanga kuti azindisungira zotsalira za khofi. Ndinatuta masamba a paini matumba awiri. Ndinathira viniga m'kheni, supuni zingapo, kenako theka la kapu, ndipo pamene padontha madziwo patsamba pankachita banga lopsa. Pomaliza ndinapita kusitolo ina ya zaulimi. Wogulitsa sanandifunse kanthu za dothi langa, anangondipatsa thumba la mankhwala otsitsa pH otchedwa aluminium sulphate n'kunena kuti ameneyu amagwira ntchito pompopompo. Ndinathira kawiri kuposa muyezo umene unalembedwa pathumba. Pasanathe sabata ziwiri mbewu zisanu ndi imodzi zinafota. Nditazula imodzi, mizu yake inali yakuda, yofewa, ikununkha chivundi, ndipo timizu ting'onoting'ono tija tonga tsitsi tinali titatheratu. Madzi ochuluka anaoletsa, mankhwala ochuluka anatentha, ndipo zonse ziwirizo ndinathira ndine.

Amene ananditsegula maso ndi abambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, amene ankandiona ndikuvutika tsiku ndi tsiku. Anabwera ndi fosholo, nakumba mozama kuposa mmene ndinali nditakumbira ine, ndipo anatulutsa chibuma cha simenti chachikulu ngati mutu wa munthu, kenako china, kenako chinanso. Atatero anatapa dothi la pansipo, naliumitsa padzuwa pa kambale, n'kupempha viniga wanga yemwe uja. Atangodontheza pang'ono, dothi linachita thovu n'kumalira kuti tsss. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti imeneyo ndiye ntchito yokhayo ya viniga m'dimba. Ndipo mayi, ndisanakuuzeni china chilichonse, chitani zimenezi mawa m'mawa. Tapani dothi pakuya pa masentimita 15 mpaka 20, liumitseni, donthezanipo viniga, ndipo tcherani khutu. Likachita thovu ndiye kuti muli laimu wosasungunuka, ndipo nkhani yanu yonse yasintha.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti pamenepa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama ndi zaka. Laimu amene ali m'dothi, uja akatswiri amati calcium carbonate, amameza asidi aliyense amene mwathira. pH siingatsike n'kukhazikika mpaka laimu yenseyo atatha. Ndiye tiyeni tiwerengere. Dothi la pamwamba lakuya masentimita 15, pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, limalemera pafupifupi makilogalamu 200. Ngati gawo limodzi lokha pa magawo 100 lili laimu, ndiye kuti muli makilogalamu awiri a laimu. Magalamu 32 a sulufule, ufa wachikasu wotsitsira pH umene ndiufotokoze kutsogoloku, amathetsa magalamu 100 a laimu, choncho mukufunika magalamu oposa 600 a sulufule pa kamalo kameneko kuti mungothetsa laimuyo, pH isanayambe n'komwe kusuntha. Dothi lina limakhala ndi magawo asanu kapena khumi a laimu pa magawo 100. Yerekezerani tsono supuni zanu za viniga, amene asidi wake ndi pafupifupi magawo asanu okha pa 100, ndipo tizilombo ta m'dothi timamudya n'kumumaliza m'masiku ochepa. Kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Mawu akuti pH amaopsa anthu pachabe. Anawayambitsa ndi katswiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, mu 1909, akugwira ntchito ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen. Muyezo wake umachokera pa 0 kufika pa 14, ndipo 7 ndi pakatikati. Pansi pa 7 ndi kwa asidi, pamwamba pa 7 ndi kumene kuli zinthu monga laimu ndi phulusa. Chimene anthu ambiri sauzidwa n'chakuti sitepe iliyonse ndi kuchulukitsa kakhumi. Dothi la pH 6 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la 7, ndipo la 5 lili ndi wochuluka ka 100. Ndiye munthu akanena mopepuka kuti tsitsani kuchoka pa 7.4 kufika pa 5, sakudziwa kukula kwa phiri limene akukutumani kukasuntha.

Ndipo apa ndipsa mtima pang'ono. Marasipiberi si mabuluberi. Sindikudziwa kuti ndizinene kangati. Anthu amawaika m'thumba limodzi chifukwa onse ndi tizipatso ting'onoting'ono, kenako amatenga malangizo a mbewu ina n'kukakamiza pa inzake. Mabuluberi ndi amene amafuna dothi la asidi wambiri, pH ya 4.5 mpaka 5.5. Marasipiberi amangofuna asidi pang'ono, pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo pa 6.5 amakhala osangalala. Inu simukufunika kutsitsa ndi masitepe awiri kapena atatu. Mukufunika sitepe imodzi, mwinanso osakwana. Munthu amene ali pa 6.8 ndipo masamba ake ndi obiriwira asakhudze kanthu, apite akamwe madzi apume. Ndaona anthu akuwononga bedi lathanzi chifukwa cha nambala, mbewu zili kubereka bwinobwino pamaso pawo. Mbewu ikamakuuzani kuti ili bwino, ikhulupirireni kuposa kachipangizo.

Za kachipangizoko. Ngati ndi kaja ka zitsulo zobaya m'dothi, kokhala ndi muvi wosuntha, kopanda batire, ine sindikakhulupirira. Ndinali nako. Kankalozera pafupi ndi 7 paliponse pamene ndabaya, ndipo dothi likanyowa kwambiri muvi unkasunthira kwina. Simungathire mankhwala m'dothi chifukwa cha umboni wa kanthu kotero. Tapani dothi m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi a bedi lanu, osati pamwamba penipeni koma pamene pali mizu, lisakanizeni mu ndowa yoyera, ndipo mutumize kumalo oyezera dothi. Ngati zimenezo sizitheka, gulani timapepala toyezera pH kapena timadzi tosintha mtundu. Sakanizani dothi ndi madzi osungunulidwa aja opanda mchere uliwonse, aja amathira m'mabatire, osati a pampopi, dikirani theka la ola, kenako yezani. Mukalandira zotsatira kuchokera koyezera, funsaninso kuti anayeza ndi madzi kapena ndi calcium chloride, chifukwa njira yachiwiriyi imapereka nambala yotsika ndi theka la sitepe kapena kuposerapo pang'ono. Dothi lomwelo, manambala awiri, ndipo munthu wosadziwa amasokonezeka.

Tsopano masamba achikasu aja. Mwalemba kuti akusanduka achikasu koma simunanene ndi ati, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ayironi, chakudya china chimene mbewu imafuna kuti masamba abiriwire, akalowa m'tsamba sachokamonso, mbewu singamusamutse kupita naye kunsonga. N'chifukwa chake akasowa amayamba kudwala ndi masamba atsopano, achikasu okhala ndi mitsempha yobiriwira, ngati anga aja. Nayitirojeni ndi magineziyamu amasamuka, mbewu imawalanda m'masamba akale n'kupatsa atsopano, choncho akasowa amayamba kudwala ndi a m'munsi. Ngati anu ndi a m'munsi, vuto lanu likhoza kukhala lina ndithu. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti m'dothi la pH yokwera ayironi amakhalamo wambiri. Sikuti mulibe. Amangokhala atamangika, osasungunuka, moti mizu imamudutsa ngati munthu wanjala akudutsa pankhokwe yokhoma. N'chifukwa chake feteleza wanga uja sanathandize. Mbewu sinali kusowa chakudya, inali kulephera kuchitenga.

Koma si pH yokha imene imachita zimenezi. Mizu yomira m'madzi imalepheranso kutenga ayironi, ndipo masamba amaoneka chimodzimodzi. Marasipiberi amadana ndi madzi odikha kuposa mmene amadanira ndi laimu. Pali nthenda yoola mizu yotchedwa Phytophthora imene imakonda dothi lonyowa nthawi zonse, ndipo ikalowa m'bedi imakhalamo zaka. Ndikakumbukira mmene ndinkathirira m'mawa ndi madzulo pa mbewu zodwala kale, mtima umandiwawa. Mizu yambiri ya rasipiberi ili pamwamba, m'masentimita 30 oyambirira, ndipo imafuna chinyezi chokhazikika koma chodutsa. Pisani chala m'dothi musanathirire. Kumbani kadzenje pambali pa bedi, kadzazeni madzi, ndipo ngati mawa lake madziwo akadalimo, vuto lanu loyamba ndi limenelo, pH ibwere pambuyo.

Madzi othirirawo nawonso ali ndi mlandu wawo umene anthu sauganizira. Yang'anani m'ketulo yanu. Ngati pansi pake pamachita zoyerayera zolimba zimene mumachita kupala, madzi anu ali ndi laimu wosungunuka, ndipo kheni iliyonse imene mukuthira ikukweza pH pang'onopang'ono. Munthu akhoza kuthira sulufule chaka chino, pH n'kutsika, chaka chamawa n'kuipeza yabwerera pomwe inali, n'kumadabwa kuti chalakwika n'chiyani. Madzi a mvula amakhala ndi pH ya pafupifupi 5.6 chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide umene umasungunukamo akamagwa. Ine ndinaika mgolo pansi pa denga, ndipo madzi amenewo ndimasungira marasipiberi okha. Mbewu zina zimwe za pampopi. Ndinasiyiratunso phulusa pabedi limeneli, chifukwa phulusa limagwira ntchito ngati laimu. Samalani ndi manyowa a nkhuku zoikira mazira, poti chakudya chake chimakhala ndi laimu wolimbitsa zikamba za mazira, komanso manyowa otsala polima bowa, amene kawirikawiri amasakaniza ndi choko.

Ndibwerere kwa khofi ndi paini, chifukwa ndikudziwa kuti mukasiya viniga wina akuuzani zimenezi. Asidi wambiri wa khofi amapita m'kapu, amene mumamwa uja. Zotsalira zake zimakhala pafupi ndi 6.5 kapena kukwererapo, moti sizingasunthe dothi. Masamba a paini ndi abwino kuphimbira nawo, amasunga chinyezi, amaletsa udzu, ndipo ndimawagwiritsabe ntchito, koma akamaola pamwamba pa dothi sasintha pH ya pansi mooneka. Gypsum, ufa woyera umene ena amathira m'dothi, ali ndi sulufule m'kati mwake, n'chifukwa chake anthu amanamizidwa naye, koma sulufule wakeyo anasanduka kale sulphate ndipo satsitsa pH. N'chimodzimodzinso mchere wotchedwa Epsom salt. Zonsezi zimakondedwa chifukwa zili pafupi ndipo zimapatsa munthu mtendere woti wachitapo kanthu. Mtendere umenewo ndimaudziwa, ndinaufunafuna ndi maso ofiira. Koma mbewu sichira ndi mtendere wa mwini wake.

Aluminium sulphate yekha ndiye ndimamukana ndi mtima wanga wonse. Ndi zoona kuti amagwira msanga, sadikira tizilombo ta m'dothi. Koma mumafunika wochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa sulufule kuti mufike pamalo omwewo, ndipo aluminiyamu amene mwathirayo amatsala m'dothi. pH ikadzatsika kupyola 5.5 kulowera ku 5, aluminiyamuyo amasungunuka n'kukhala poizoni wa mizu, imafupika, imatupa, imasiya kukula. Pa bedi la zipatso zimene ana anu adzathyola kwa zaka khumi, sindikuona chifukwa choikirapo chinthu chotero pongofuna kupulumutsa miyezi ingapo. Ngati munthu akufunadi chofulumirirapo, iron sulphate ndi wabwinopo, ngakhale kuti nayenso amafunika wochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa sulufule ndipo amathimbirira simenti ndi zovala ngati dzimbiri.

Za sulufule

Chimene chimagwiradi ntchito ndi sulufule weniweni, wachikasu uja, wa ufa kapena wa timibulu. Iye payekha si asidi. Amene amamusandutsa asidi ndi mabakiteriya a m'dothi, makamaka a mtundu wa Thiobacillus, amene amamudya pang'onopang'ono n'kutulutsa sulphuric acid. Popeza ndi zamoyo, amagwira ntchito dothi likakhala lofunda, lachinyezi, lolowa mpweya. Kukazizira, dothi n'kutsika pansi pa madigiri 13 kapena chapompo, amangogona. Dothi likauma amagonanso. Ndiye ntchito imeneyi ndi ya miyezi, itatu, isanu ndi umodzi, nthawi zina chaka chathunthu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngozi yaikulu ya sulufule ndi munthu amene wathira lero, wayeza pakatha sabata zitatu, waona kuti palibe chasintha, n'kuwonjezera wina. Miyezi isanu ikadutsa zonse ziwiri zimadzuka pamodzi, pH n'kugwera pa 4.5, ndipo amayambanso kufunafuna laimu. Sulufule wa ufa amagwira msanga kuposa wa timibulu chifukwa mabakiteriya amamufikira mbali zonse, koma amauluka ndi mphepo n'kulowa m'maso. Valani magolovesi, sankhani tsiku lopanda mphepo.

Mbewu ziwiri zija zimene zinapulumuka sindinazisiye pakhoma paja. Ndinavomereza kuti dothi limenelo sindingaligonjetse. Ndinamanga bedi lokwera masentimita 30 kutali ndi nyumba, ndinalidzaza ndi dothi lochokera pamalo pamene viniga sanachite thovu, kusakaniza ndi manyowa a kompositi ndi makungwa a paini oola bwino. Anthu ambiri amalimbikitsa peat moss, zomera zoola za m'madambo, ndipo ndi zoona kuti ali ndi asidi, pH yake imakhala cha m'ma 4. Ine ndimamugwiritsa ntchito mochepa kwambiri, chifukwa amakumbidwa m'madambo amene amakula pafupifupi milimita imodzi yokha pachaka, ndipo sindimasuka kuononga zimene zinatenga zaka zikwizikwi pofuna mbale ya zipatso. Bedi latsopanolo ndinalisiya miyezi isanu ndi umodzi sulufule ali m'kati, mbewu zikudikira m'zidebe zazikulu. Inali miyezi yaitali. Tsiku lililonse ndinkapita kukaziona.

Nditazidzala, mphukira zoyamba zinatuluka ndi masamba obiriwira kwambiri, okhala ndi makwinya aja ngati nsalu yosasita, kunsi kwake kotuwa ngati siliva. Ndinagwada pamenepo n'kutembenuza tsamba lililonse kufuna chikasu, osachipeza. Chaka chimenecho sindinadye chipatso ngakhale chimodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kuyambiranso mantha, mpaka nditaphunzira kuti mtundu wa azakhali ndi uja umabereka pa timitengo ta chaka chachiwiri. Kamtengo ka rasipiberi kamakhala zaka ziwiri zokha, ngakhale mizu yake imakhala zaka zambiri. Mitundu ina, monga Heritage imene inatulutsidwa ku Geneva m'chigawo cha New York mu 1969, kapena Autumn Bliss ya ku East Malling ku England, imabereka pa timitengo ta chaka chomwecho, ndipo imeneyo mukhoza kuidula yonse mpaka pansi ikatha kubereka. Mukadula choncho mtundu ngati wa azakhali, mwadula zipatso za chaka chamawa. Dziwani mtundu wanu musanagwire chodulira. Ndi nkhani ina imeneyo, koma ndaona anthu akunamizira dothi pamene cholakwa chinali kudulira.

Kunena za malo, ngati mungafike posamutsa mbewu zanu, musazipititse pamene munalimapo tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya m'zaka zingapo zapitazi. Mbewu zimenezi zimasiya m'dothi nthenda yofotetsa yotchedwa Verticillium, ndipo marasipiberi amaitenga mosavuta.

Ndiye inu muchite chiyani? Yezaninso ndi njira yodalirika, ndipo yesani viniga pa dothi louma. Ngati palibe thovu ndipo pH ilidi cha m'ma 7.4, mukufunika pafupifupi magalamu 100 a sulufule pa sikweya mita iliyonse kuti mufike cha pa 6.5 m'dothi lapakatikati. Ngati ndi lamchenga chepetsani kufika cha pa 65, ngati ndi lamakande kwezani kufika cha pa 150. Popeza mbewu zanu zili kale m'nthaka, musathire zonse nthawi imodzi. Wazani theka, palasani pamwamba pokha ndi zala kapena kachitsulo kuti musadule mizu, thirirani, phimbirani, ndipo theka linalo lidikire miyezi itatu mutayezanso. Pa chakudya gwiritsani ntchito ammonium sulphate, pafupifupi magalamu 30 pa sikweya mita mbewu zikamayamba kuphukira, poti ameneyu amakankhira pH pansi pang'ono chaka ndi chaka. Kuti masamba abiriwire pamene mukudikira, gulani ayironi wa chelate, wokonzedwa kuti asamangike m'dothi, koma werengani pathumba kuti alembepo EDDHA. Mtundu wina wolembedwa EDTA umasiya kugwira ntchito m'dothi pH ikadutsa 6.5, ndipo pa 7.4 mudzangotaya. Wa EDDHA amafiiritsa madzi ngati magazi, musadabwe, thirani pamizu motsatira muyezo wa pathumba. Dothi likachita thovu, musalimbane nalo, mangani bedi lokwera kapena dzalani m'zidebe zazikulu.

Simunandiuze kuti kuseri kwa nyumba kumene mwanenako ndi mtunda wautali bwanji kuchokera pakhoma. Ngati ndi pafupi, tengani fosholo mukumbe pambali pa mbewu imodzi mpaka kufika m'bondo, muone zimene zituluke. Mukatero mundilembere, mundiuze nambala yatsopano, ngati dothi linalira, ndi masamba amene anayamba kudwala, a kunsonga kapena a m'munsi. Mbewu ziwiri za azakhali zija pano zadzaza mzere wa mamita asanu ndi atatu, ndipo mphukira zake ndagawirapo kale abale anga atatu, zokulunga m'chiguduli chonyowa.